Achimwene atsekera amayi m'kabati

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, mzime m'banja la ana anayi, ndipo ndikukulemberani chifukwa ndatsala pang'ono kusanduka wakuba. Chomwe ndikufuna kuba si katundu wa munthu ayi, ndi amayi anga ondibereka. Musafulumire kuitana apolisi, ndifotokoza.

Amayi anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Anali ndi shopu yochapa ndi kusita zovala, yomwe pano akuyendetsa ndi achimwene athu oyamba kubadwa. M'banja timawatchula kuti a Tcheya, chifukwa ngakhale pogawana chakudya amayamba atsegulira kaye msonkhano. Maliro atatha, a Tcheya anagula hadi diraivi, kabokosi kaja kosungira zithunzi ndi mavidiyo kolumikiza ku kompyuta ndi chingwe, n'kutiuza tonse kuti tibweretse chilichonse chomwe tinawajambulapo amayi. Tinakhuthuliramo za m'mafoni mwathu, za maukwati, za mapwando a ana. Linali ganizo labwino ndipo ndinawayamikira ndi mtima wonse. Mafoni aja anatha kalekale: ina inagwera m'madzi, ina inapita ndi akuba m'basi, yanga inangogona osadzukanso. Ndiye mawu a amayi, kaseko kawo ndi kayendedwe kawo, zatsala m'kabokosi kamodzi kameneka basi.

M'menemo muli vidiyo imodzi yomwe sindigona nayo tulo. Anajambula ndi mwamuna wanga ine ndili woyembekezera, amayi akusita shati m'shopu. Mwadzidzidzi anaimika simbi, n'kuwerama pamimba panga, n'kuyamba kulankhula ndi mwana. Anati, "Iwe uli m'katimo, ukundimva? Amako sadziwa kusita kolala. Ukatuluka ubwere kwa ine ndidzakuphunzitse." Kenako anaseka mpaka kugwira khoma. Amayi mwanayo sanamuone, anamwalira iye asanabadwe. Pano ndi mtsikana wozindikira, ndipo kuyambira pomwe ndinamuuza nkhaniyi wandikakamira ndi funso limodzi: "Agogo amene analankhula nane aja, ndidzawamva liti?" Ndinayesa kumuyerekezera mawu awo ndekha, koma anangondiyang'ana n'kunena kuti amenewo ndi mawu anga omwe ndimamukalipira nawo.

Mwina mufunsa kuti bwanji sanaionepo zaka zonsezi. Chaka chilichonse, pa tsiku lomwe amayi anamwalira, timasonkhana kwa a Tcheya. Iwo amalowa pabalaza atanyamula kabokosi pa thireyi, ndi manja awiri, ife titaimirira. Amalankhula mawu otsegulira, amathokoza omwe afika, amadzudzula omwe achedwa, kenako amalumikiza ku laputopu. Chionetsero chimayamba ndi ukwati wawo, momwe amayi amaonekamo kangapo chapatali akukonza mpango. Ukwatiwo pa vidiyo ndi wautali kuposa momwe unalili tsiku lenilenilo. Ana saloledwa kulowa, ati amatsokomola komanso amapunthwa pa zingwe. Vidiyo yanga imaikidwa kumapeto kwa pulogalamu, ndipo tisanafike pamenepo a Tcheya amalengeza kuti kabokosi katopa, kakapume.

Kumene kamakapumako ndi komwe kwandilembetsa kalatayi. Kunyumba kwawo anakana kukasunga, ati kuli ana ndi akuba. Amakasunga ku shopu, m'chipinda chakumbuyo chositira, m'kabati yachitsulo yotseka ndi loko. Aphungu, chipinda chimenecho ukalowa utavala magalasi suonanso kanthu. Simbi zitatu zimafuka nthunzi tsiku lonse, makina oumitsira zovala anagundana ndi kabatiyo, denga ndi lamalata, zenera ndi limodzi ndipo analikhomerera chifukwa cha akuba omwewo. Makoma amatuluka thukuta, m'makona muli chuku, kalendala inapindika, ndipo loko wa kabatiyo anachita dzimbiri. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti, "Amayi moyo wawo wonse anathera m'chipinda chino. Ukufuna ndikawaike kuti, kuchilendo?" Ananena zimenezi maso ali mbee ndi misozi.

Kabokosiko amakakulunga mu juzi yaubweya ya amayi, kenako m'jumbo, n'kumanga pakamwa ndi mphira. Ati akakayatsa kamanjenjemera, ndiye kuti kamazizidwa. Nyengo ya mvula yapitayi anapeza timadontho ta madzi m'kati mwa jumbo. Sanatekeseke. Anakatulutsa n'kukayanika padzuwa pamwamba pa galimoto, monga amachitira ndi mapilo a makasitomala, n'kumakatembenuza kuti kaume mbali zonse.

Ndapempha kangapo kuti andilole ndikopere mavidiyowo. "Amayi si chiphaso choti uzikawapanga fotokope," ndi momwe anandiyankhira koyamba. Kachiwiri anandiphunzitsa kuti ukakopera, zithunzi za m'kabokosi zimasuluka, monga nsalu imasulukira ukamaichapa kawirikawiri. Ndinayesa njira yaulemu: ndinagula hadi diraivi yatsopano n'kuwapatsa ngati mphatso, ndili ndi chiyembekezo kuti amva tanthauzo lake. Anathokoza kwambiri, anaikulunga m'thawulo, n'kuiika m'kabati momwemo pambali pa inzake kuti ziyambe zazolowerana. Ili momwemo mpaka lero, mulibe kanthu. Alamu anga, akazi awo a Tcheya, ndi amene anandinong'oneza chifukwa chenicheni. Akuti aliyense akakhala ndi kope lake, adzabweranso ndani kudzamvera mawu otsegulira?

Chaka chathachi zinthu zinafika povuta. Atalumikiza, kabokosi kanayamba kulira kuti kete, kete, kete, ngati munthu akuwenga zikhadabo. Laputopu inakhala nthawi yaitali isanakazindikire. A Tcheya anakauzira mpweya pabowo la chingwe, anakamenya pang'ono m'mbali monga tinkachitira ndi wailesi yakale, ndipo zitakanika anatuma alamu kuti abweretse simbi yofunda, n'kuiimika pafupi kuti kabokosi kaothe. Ukwati unayamba ndithu. Koma chapakati nkhope ya amayi inangoima, kukamwa kuli yasa, kenako inasweka tizidutswatizidutswa. A Tcheya anazula chingwe, nanena kuti magetsi a masiku ano ndi ofooka, n'kutseka msonkhano popanda mawu otsekera, chinthu chomwe sichinachitikepo.

Chaka chino atumiza uthenga pa gulu la banja lathu la pafoni kuti chionetsero sichikhalapo, tidzangopemphera ndi kumwa tiyi. Kiyi wa kabati tsopano amamuvala m'khosi. Ukangotchula za kabokosi amasintha nkhani, ayambe kudandaula za kuvuta kwa madzi.

Alamu anga ndi munthu wa mtima wabwino koma wa nzeru zoopsa. Akuti amuna awo akavula kiyi posamba, iwo adzamudinda pa sopo, tikasulitse wina, ine nditenge kabokosi m'mawa antchito asanafike, ndikakopere kwa mnzanga amene ali ndi laputopu, n'kukabweza mwakachetechete. Sopo tili naye wambiri, mbali imeneyo palibe vuto. Mwamuna wanga wati nkhaniyi ndi ya kwathu, iye asalowemo, koma ndikamangidwa azidzandiyendera. Vuto ndi lakuti a Tcheya ndi amene anandilera bambo atamwalira. Ankandiperekeza kusukulu, anaima nane tsiku la ukwati wanga, ndipo akadzazindikira kuti ndinawalowera m'kabati sadzandilankhulanso. Koma ndikapanda kutero, ndikuopa kuti mwana wanga sadzamva mawu okhawo amene agogo ake anamusiyira. Achimwene angawa ndimawakonda, ndipo nthawi yomweyo amandipsetsa mtima mpaka kulira.

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Kodi n'zoona kuti zithunzi zimasuluka ukakopera? Kulira kwa kabokosi kuja ndi matenda kapena kutopa chabe? Nanga ndibe, kapena ndidikire?

Ine wosowa mtengo wogwira,
Mzime wa kushopu yosita

Mzime wokondedwa,

Bwezani sopoyo pa shelefu, ndipo alamu anu muwauze kuti luso lawolo alisungire makolala. Musabe. Sindikukuletsani chifukwa cha ulemu wokha ayi. Kabokosi kameneko kadwala kale, ndipo kakakafera m'chikwama chanu pa ulendo wakubawo, mudzataya amayi ndi achimwene tsiku limodzi.

Funso losavuta ndiyambe nalo. Zithunzi sizisuluka ukakopera. Kope la vidiyo limafanana ndendende ndi yoyambayo, ndipo yoyambayo siichepa ngakhale pang'ono. Chiphunzitso cha a Tcheya chimagwira ntchito pa malaya ofiira, osati pa kompyuta.

M'kati mwa hadi diraivi muli timbale tosalala tomwe timazungulira mothamanga kwambiri, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake osakhudza, pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi limodzi. Kunjenjemera kuja ndi timbaleto tikuzungulira, sikuzizidwa. Chinthu chosalimba chotere chimaopa kutentha, chinyezi ndi ukalamba, ndipo achimwene anu ziwiri zoyambazo anachita kuziitana n'kuziyalira mphasa.

Kutentha kumawononga mafuta a m'kamota kozunguza timbale, kumakalambitsa msanga tizipangizo ta magetsi, ndipo pang'onopang'ono kumafooketsa mphamvu ya maginito yomwe yagwira mavidiyo anuwo. Kabati yachitsulo yogundana ndi makina oumitsira, pansi pa malata, dzina lake lenileni ndi uvuni. Kuonjezerapo juzi yaubweya ndi nkhanza chabe. Chinyezi ndiye choipa koposa, chifukwa chimadya mwakachetechete. Kabokosiko sikotsekeratu, kali ndi kabowo kopumira, ndipo nthunzi ikapeza njira imadyetsa dzimbiri timawaya ndi molumikizira monse. Jumbo yomangidwa m'chipinda chonyowa siiletsa chinyezi, imachitsekera m'kati. Kukatentha masana n'kuzizira m'mawa, chinyezicho chimasanduka timadontho tomwe anaona tija. Ngati loko, amene ntchito yake ndi kungolendewera, wachita dzimbiri, taganizirani timawaya tokhala ngati ulusi. Za kuyanika pamwamba pa galimoto sindiyankhapo, ndingalankhule mwano kwa munthu wamkulu.

Ukalamba wokha ndi umene sindingawaimbe nawo mlandu. Ukanafika ngakhale kabokosiko kakanagona m'chipinda chabwino chotani. Ma hadi diraivi ambiri akapitirira zaka zisanu amayamba kukayikitsa. Ena amafika zaka khumi, ena amafa akadali atsopano, ndipo ambiri satsanzika. Kungoigoneka osaiyatsa sikuiteteza, chifukwa mafuta aja amalimba ndipo kamota kamavutika kudzuka. Yanuyi zaka zake zonse yathera mu nthunzi, ikumadzutsidwa kamodzi pachaka kuti ivine ukwati. Kuti inayakabe chaka chatha, ndi chifundo chabe.

Kete-kete uja si kutopa, mayi. Ndi kamkono kowerenga kakusowa njira, kakubwerera, kakuyesanso. Nthawi zina kamakhala kakukanda timbale, ndipo pomwe pakandika, zomwe zinali pamenepo zapita. Choncho kuyambira lero muziona kuyatsa kulikonse ngati komaliza. Musakayesere pa laputopu ya mnzanu kuti mungoona ngati kakuyaka. Musakamenye, musakauzire, musakaothetse, musakatsegule ndi mpeni. Padzapezekanso mlamu kapena mnansi wodziwa zonse amene adzati mukaike mufiriji usiku umodzi. Ameneyo mum'patse mpando ndi madzi akumwa, koma kabokosi asakakhudze.

Choyamba kachoke m'chipindamo sabata ino. Kavulidwe juzi ndi jumbo, kaikidwe m'chipinda chouma ndi chozizirira bwino, kutali ndi khitchini, bafa ndi zenera lolowa dzuwa, m'kontena yotseka bwino momwe mwaikamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano. Kenako kapite kwa katswiri wopulumutsa zinthu za m'makompyuta, osati aliyense amene wakhoma chikwangwani chokonza mafoni. Mum'funse kaye ngati amayamba ndi kukopera zomwe zilimo asanayese kukonza chilichonse. Akayamba kukamba za kufufuta zonse kuti kayambirenso bwino, nyamulani katundu wanu muzipita. Mphatso yanu yomwe inapita kukazolowerana ija nayonso yasamba nthunzi mokwanira, ndiye katswiriyo ayiyeze kaye musanaidalire.

Mavidiyo akatuluka, makope akhale atatu: lina pa diraivi yabwino kunyumba kwanu, lina pa diraivi ina kunyumba ya m'bale wina, lina pa intaneti. Fulashi kapena kakhadi ka mufoni musazikhulupirire pazokha, nazonso zimaiwala zikakhalitsa m'dirowa. Makopewo muziwatsegula kamodzi kapena kawiri pachaka kuti muone ngati akuwerengeka, ndipo pakapita zaka zingapo muzisamutsira pa diraivi yatsopano yakaleyo isanayambe kudandaula. Kusunga zinthu zotere si kutsekera, ndi kusamutsa.

Tsopano tikambe za a Tcheya. Mwandiseketsa nawo, ndipo thireyi ija ndiikumbukira kwa nthawi yaitali. Koma tawerenganinso kalata yanu modekha. Munthu wokonda msonkhano chotere sangauthetse yekha popanda chifukwa. Achimwene anu anamva kete-kete uja monga munamvera inu, anaona nkhope ija ikusweka, ndipo akudziwa. Mwina kale ankakaniza kabokosiko chifukwa chokonda mpando, alamu anu sananame. Koma lero akukabisa chifukwa cha mantha. Akuopa kulumikiza chingwe pamaso panu nonse n'kupeza mdima. Anakasunga molakwika, inde, koma anakasunga m'njira yokhayo yomwe amadziwa yosamalira chinthu chokondedwa, kuchifunditsa, kuchiyanika ndi kuchitsekera. Malinga kabati ili chitsekere, palibe amene anganene kuti amayi atayika m'manja mwawo. Munthu ameneyu ndi womvetsa chisoni kuposa momwe akukwiyitsirani.

Ndiye musapite ndi mlandu, ndipo musapite ndi gulu. Pitani nokha tsiku lomwe shopu yatsekedwa. Musatchule nthunzi, musatchule juzi, musatchule galimoto. Maphunziro ndakupatsaniwa ndi anu, iwo akawamvere kwa katswiri, chifukwa mkulu wa banja amamva bwino kwa mlendo kuposa kwa mzime amene ankamupukuta mamina. Inu mungowauza kuti, "Achimwene, mwawasunga nokha amayi zaka zonsezi, mwatopa. Tiyeni tinyamulire limodzi. Kakapezeka kamoyo, ndinu mwasunga. Kakapezeka kakufa, tataya tonse, chifukwa tonse tinali ndi mafoni ndipo palibe anasunga kope." Amenewa si mawu onyengerera chabe, ndi zoona zake, ndipo inunso zikukukhudzani. Akafuna kunyamula okha pa thireyi mpaka kwa katswiri, muwalole, inu muziyenda kumbuyo. Makope akatuluka agawe ndi iwo, ndi mwambo wonse, aliyense aitanidwe kutsogolo n'kulandira ndi manja awiri. Mukatero mpando wawo sunagwedezeke, ndipo mawu otsegulira adzapeza nkhani yatsopano.

Sindikulonjezani kuti zonse zituluka. Mwina theka, mwina zochepa, mwina osatuluka kanthu. Konzekerani mtima, ndipo mwana musamulonjeze tsiku.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo muligwiritsitse. Diraivi yodwala nthawi zina imangopereka kanthawi kochepa isanatseke maso. Musanachoke pakhomo mugwirizane chomwe chiyambe kutuluka, ndipo apa pokha musagonje, ngakhale akuyang'aneni ndi diso la uchimwene. Ukwati udikire. A Tcheya anakhala ndi amayi kuyambira tsiku lobadwa, inunso munawamva akukuitanani, akukukalipirani, akukusekani. Mwana wanu ali ndi mawu ochepa aja okha. Katswiriyo mumuuze za vidiyo imeneyo asanagwire n'komwe chingwe. Ndipo ikaoneka pa kompyuta, mtima udzakuuzani kuti atsegule muione kamodzi kokha. Musaumvere. Koperani kaye, mayi. Kulira mudzalira bwinobwino pa kope, mwana ali pamwendo.

Aphungu